Buludoza ya a Namakhwa itakana kulira

Iwe Tiyamike ndi iwe Madalitso, mwakhala mukundifunsa chimene chinanditsitsa kuphiri ndisanakalambe, ndipo amayi anu amakuyankhani kuti ndi pakamwa pangapa. Sakunama. Koma pakamwa sipatseguka popanda chochititsa, ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera, msanawu ukadandilola kukhala pampando. Za ubwana wanga musandifunse. Mbuzi zimene ndinkaweta sizinasiyane ndi za anthu ena.

Chaka chimene ndinamaliza Fomu 4

Ntchito yanga yoyamba inali pagalaja ina kumunsi kwa tauni, kufupi ndi mtsinje wa Likangala, pamene ankakonza malole ndi mathirakitala a m'maesiteti. Ndinapita ndi satifiketi m'envulopu, ndikuganiza kuti andikhazika muofesi. Folomani wa pamenepo, a Sumaili, bambo wachiyao wamfupi wosaseka, anaiyang'ana mozondotsa dala, n'kundibwezera, n'kundipatsa beseni la palafini loti nditsukiremo mabawuti. Ndinatsuka mabawuti mpaka khungu la m'zala linasupuka. Koma munthu ameneyu ndiye anandipatsa zonse zimene ndadyera moyo wanga wonse. Lole ikabwera yokana kulira, iwo sankathamangira sipanala. Ankauza dalaivala kuti apukuse injini, iwo n'kukaima kumbuyo, manja m'thumba, maso kuekizozi.

"Iwe Makwinja, ukuona chiyani?"

"Palibe, a folomani."

"Ndiye wapeza kale. Palibe utsi, palibe dizilo wafika m'kati. Utsi woyera, dizilo wafika koma akukana kupsa. Wakuda, injini ikubanika, ikufuna mpweya. Dalaivala akunamiza, bwana akunamiza, utsi sunama."

Ukayankha bwino ankangoti "chambone," mawu a kwawo oti zili bwino, ndipo amenewo ndiwo anali malipiro ako a tsikulo. Anandiphunzitsanso kuyamba ndi zapafupi, thanki, paipi, fyuluta, ndipo pampu ikhale yomalizira, chifukwa makaniko waulesi ndiye amathamangira kunena kuti pampu yafa. Kupsa mtima sanandiphunzitse iwo. Kumeneko ndinabwera nako.

Chaka chimene Tiyamike anabadwa

Ndinakwera phiri la Zomba kampani ina yodula paini ndi kucheka matabwa itandilemba kuti ndiziyang'anira makina ake aakulu. Anthu a m'tauni amaliona phirili ngati malo okajambulitsa zithunzi padamu ndi kugula zipatso pamsewu. Akagoneko mu Juni aone. Chifunga chimalowa mpaka m'bulangete, sipanala imaluma m'manja, mabatire amadzuka ali ofooka ngati odwala malungo, ndipo tinkachita kuwayanika padzuwa ngati ufa. Zipangizo zatsopano tinkangozimva mbiri. Fyuluta yoti itayidwe tinkaitsuka n'kuibwezera, gasiketi tinkadula pakatoni, ndipo bawuti ikaduka ndinkapita kukazula pa thirakitala yakufa imene inali kuseri kwa shedi, mpaka thirakitalayo inatsala mafupa okhaokha. Mabwana ankabwera n'kumapita. Aliyense ankafika ndi mawu oti zinthu zisintha, n'kuchoka atatisiyira fyuluta yomwe ija. Ndinakangana nawo onse, ndipo sindikumbuka mkangano umene unabweretsa sipeya.

Amene anandisunga kumeneko zaka zonsezo anali a Namakhwa, oyendetsa buludoza. Ntchito yawo inali kukoka zipika kuchokera m'zigwa kufika nazo pamsewu, ndipo chilimwe chikayandikira ankalambula njira zotchinga moto kuzungulira minda ya paini. Anali Mlomwe wa ku Phalombe, mkulu wa mpingo, wamkulu kwa ine, wolankhula ngati mawu akuwagula. Buludozayo ankaipukuta ndi nsanza madzulo aliwonse, ndipo akamva kaphokoso kachilendo ankabwera kudzandiuza kasanakule. Ine ndikayamba kuponya masipanala, iwo ankangotola n'kundipatsa.

"Achimwene, mtima pansi. Chitsulo sichimva kutukwana."

"Chimamva! Mwaona chamasuka."

"Chamasuka chifukwa ndinathirapo oilo muli kotukwana."

Bwana womaliza amene ndinagwira naye anali a Mataka. Ndisawanamizire, sanali chitsiru ndipo sanali wakuba. Ankadzuka m'mawa kuposa tonse. Koma akuluakulu a kampani ku Blantyre ankawaimbira lamya kosalekeza, ndipo munthu amene akukankhidwa kumbuyo amaponda amene ali kutsogolo kwake.

Chaka cha zigubu, mwezi wa Juni

Mukukumbuka chaka chija dizilo anasowa m'dziko muno, magalimoto akugona pamzere m'mafilingi siteshoni, anyamata akugulitsa mafuta m'zigubu m'mbali mwa msewu. Ena mwa mafutawo ankasakaniza ndi palafini, ndipo palafini amapha pampu chifukwa ndi wouma, satereretsa zitsulo za m'kati. Chaka chimenecho mapampu a mathirakitala athu anafa motsatizana, madalaivala atapopa dizilo wabwino n'kuthiramo zosakaniza. A Mataka anaika lamulo: dizilo wa kampani azichokera m'diramu basi, ndipo wopezeka ndi chigubu pafupi ndi makina achoke ntchito tsiku lomwelo ndi kutuluka m'nyumba ya kampani. Ine lamulolo ndinalivomereza, chifukwa wovutika ndi mapampu akufawo ndinali ine.

Mwezi umenewo mwana wamkazi wa a Namakhwa, Esinati, anamwalira kuchipatala m'tauni, n'kusiya ana awiri aang'ono m'manja mwa agogo awo. Thupi linayenera kupita ku Phalombe. Kampani inati galimoto ilipo koma mafuta palibe. Mwini lole wina wa m'tauni anati lole yake atha kupereka, bola anamalira abwere ndi dizilo wawo. Kutacha lole inafika ili ndi mafuta, ndipo palibe anafunsa. Pamaliro safunsa kumene nkhuni zachokera. A Mataka galimoto yawo inali itagona pamzere, choncho anakwera nafe kukaimira kampani. Tinawapatsa mpando wa kutsogolo monga mwa ulemu, ife tinakhala kumbuyo ndi bokosi, fumbi likutilowa m'kamwa, amayi akuimba mpaka mawu kusasa. Kumanda a Mataka analankhula bwino. Anati kampani ili limodzi ndi banja la a Namakhwa pa chisoni chimenechi. Anthu anagwedeza mitu.

Chaka chomwecho, mwezi wa Ogasiti

Udzu unali utauma, mphepo ikuwomba, ndipo njira yotchinga moto kumtunda kwa munda waukulu inali isanalambulidwe. Tsiku loti ntchitoyo iyambe, buludoza inakana kulira. Anandiitana ndikumwa tiyi. Ndinapeza odula mitengo ataima mozungulira ndi macheka awo, a Namakhwa ali pampando wa makina nkhope ili gwa, a Mataka akuyendayenda.

"A Makwinja, musataye nthawi," anatero a Mataka ndisanatsitse n'komwe bokosi la masipanala. "Masulani pampu ipite ku Blantyre. Ndi palafini ameneyu, nkhani yomwe ija. Ndipo ikakapezeka kuti yapsa, a Namakhwa, muyambe kulongedza."

"Bwana, kuchipatala sayamba ndi kudula mwendo. Pampu sindimasula ndisanaone chimene yalakwa."

"Mathirakitala aja munanenanso chomwecho."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandiwawa. Inenso mumtima ndinkaganiza palafini yemweyo. Anandipatsa nthawi mpaka dzuwa litapendeka, n'kutsikira kumacheka.

Ndinauza a Namakhwa kuti apukuse. Injini inazungulira mwamphamvu, kusonyeza kuti batire ndi sitata zinalibe mlandu. Ndinayang'ana kuekizozi monga anandiphunzitsira a Sumaili. Kunalibe utsi ngakhale wa ndudu. Mtima unatsikako pang'ono, chifukwa palafini amayesako kupsa, amatulutsa kautsi. Apa m'kati simunkafika kanthu. Ndinapisa ndodo m'thanki: dizilo analimo, wochepa koma wokwanira. Ndinamununkhiza, ndinamutikita pakati pa zala, anali woterera bwinobwino. Ndinatsegula kabawuti ka pansi pa fyuluta kuti ndione ngati muli madzi, munalibe. Kenaka ndinamasula kabawuti kotulutsira mpweya n'kuyamba kupopa ndi kapampu ka pamanja. Dizilo anabwera ndi thovu, anabweranso pang'ono, kenaka zii. Kapampu kaja kanayamba kulimba, kakubwerera kokha ngati wina wakagwira kuseri. Ndinasiya, ndinatukwana, ndinapukuta m'manja. Nditayesanso, dizilo anabwera ngati palibe chachitika, kenaka zii kachiwiri. Ndinazula paipi yochokera kuthanki n'kuuziramo ndi pakamwa, ndipo m'thanki munamveka kubwata. Njira inali yotseguka. Dizilo amene ndinamwa tsiku limenelo ndimamumvabe ndikageya.

Tsono paipi yotsekeka ndi litsiro siitseguka yokha n'kudzitsekanso. Ndinatenga chitini choyera, ndinatungamo dizilo wa m'thanki momwemo, ndinachipachika pamwamba, n'kulumikiza kapaipi kuchokera m'chitinimo kupita kuinjini, thanki n'kuisiya pambali. Nditachotsa mpweya m'mapaipi, ndinakuwa kuti apukuse. Kunatuluka utsi woyera, injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira mpaka nthaka kunjenjemera. Odula mitengo anaimba malikhweru. Pampu inali yamoyo, dizilo anali wabwino. Vuto linali m'thanki, ndipo linali chinthu choyenda, chimene chimabwera pakamwa pa paipi injini ikayamba kukoka, n'kuchokapo ikasiya.

Ndinazimitsa, ndinawakokera a Namakhwa kuseri kwa khasu la buludoza kumene anthu sakanatimva.

"Mwathiramo chiyani m'thanki umu?"

"Dizilo, achimwene."

"Ndamuona dizilo. Wa m'diramu?"

Anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anandiuza. Dizilo wa lole ya maliro anamupopa m'buludoza momwemo, zigubu ziwiri. Kuchokera tsikulo sankagona. Anayamba kugula pang'onopang'ono kwa anyamata a pamsewu, akununkhiza ndi kutikita monga ankandionera ine, wosakaniza n'kumukana, mpaka zigubu zija zinadzaza. Dzulo lake m'mamawa, mlonda atapita kukasamba, anabweza zonse m'thanki mofulumira.

"Kajumbo ka pachitsekerero munakachotsa?"

Anangotsegula pakamwa.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Chigubu chilichonse, kaya cha mafuta ophikira, kaya cha thobwa, timayamba taika kachidutswa ka jumbo pakamwa pake tisanamange chitsekerero, kuti chisadonthe panjinga. Munthu wothira modekha amakachotsa. Munthu wothira akuyang'ana kumbuyo amangotsegula n'kupendeketsa. Ndipo kasefa ka pakamwa pa thanki, kamene kakanakagwira, kanasowa kalekale ine ndisanafike kuphiriko.

"Achimwene," anatero atandigwira dzanja, "chonde, za Esinati zisatuluke. Anthu asamanene kuti mwana wanga anapita kumanda ndi dizilo wakuba. Kuli bwino andichotse."

"Akuchotseni mupite kuti ndi ana awiri aja?"

"Mulungu adziwa."

"Mulungu alibe nyumba ya kampani," ndinatero, ndipo anandiyang'ana ngati ndawamenya.

Ndinapinda waya n'kupanga kambedza, ndinakwera pamwamba pa thanki, ndinayamba kuwedza. Maganizo anga anali oti ndikakakola ndikafumbate m'manja, ndinene kuti linali litsiro chabe, nkhani ithere pomwepo. Chinthu choterera m'dizilo sichigwidwa msanga. Ndinawedza mpaka mkono unachita dzanzi, tsaya lili pachitsulo, diso limodzi m'bowo. Sindinamve kuti anthu asiya kucheza. Kambedza katakola, ndinakoka pang'onopang'ono, ndipo kanatuluka kajumbo kabuluu, kakudontha, kali ndi mkombero wa chitsekerero pakati pake woonekera ngati chidindo. Nditadzutsa mutu, a Mataka anali ataima pansi pomwepo. Anamva kulira kwa injini ali kumacheka, n'kukwera wapansi.

Palibe Mmalawi amene angafune kumufotokozera tanthauzo la kajumbo kotero. A Mataka anatambasula dzanja, ndinawapatsa.

"A Namakhwa, chigubu chinafika bwanji pa makina a kampani?"

A Namakhwa anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa inu, bambo. Makinawa amayendetsa ndi inu nokha."

A Namakhwa anaweramitsa mutu.

"Chabwino. Lamulo mukulidziwa. Mawa nyumba ija ndiipeze yopanda munthu."

Ana anga, apa ndiye pamene pali nkhani yonse. Ntchito yanga inali itatha. Ndinapeza vuto, ndinapulumutsa pampu, ndikanatha kutsika, kutseka bokosi langa n'kukamaliza tiyi uja. Inu nonse munali pasukulu, ndipo nafenso tinkakhala m'nyumba ya kampani. Mwini nkhaniyo anali atandipempha ndi pakamwa pawo kuti ndisanene, ndipo nditawayang'ana anapukusa mutu pang'ono, kundiletsa. Amayi anu amati ndinangopsa mtima. Ayi. Tsiku limenelo lokha ndinayamba ndaganiza, ndinaona mbali zonse ziwiri, ndipo mbali zonse zinali zoipa. Kupsa mtima kunabwera nditasankha kale.

"Bwana, m'thanki umu mwasowa dontho?"

"Nkhani si imeneyo, a Makwinja."

"Nkhani ndi yomweyo. Mbava sithira dizilo m'thanki, imapopa. Bambowa akanangoba n'kukhala phee, buludozayi ikanalira m'mawa uno ndipo inu mukanawapatsa moni. Chawagwiritsa n'kubweza."

"Samalani pakamwa panu."

"Ndasamala zaka zambiri, pandipindulira chiyani? Lole ija ya ku Phalombe munkayesa ikuyendera madzi a mu Mulunguzi? Munakhala kutsogolo, windo lotsegula, ife tili kumbuyo ndi bokosi. Kumanda munati kampani ili nawo limodzi. Inalidi nawo limodzi, inali m'thanki ya lole! Mukamawauza a ku Blantyre, muwauzenso amene anakwera. Woyamba inu, wachiwiri ine, ndi onse aimawa. Tilongedze tonse."

Ndinalankhula ndili pamwamba pa thanki, mokuwa, moti ngakhale amayi otola nkhuni kutsidya anaima. Wina mwa odula mitengo anatsokomola. A Namakhwa anakhala pachipika, nkhope m'manja. A Mataka anayang'ana kajumbo kaja, anayang'ana anthu, anayang'ana kumtunda kumene udzu unkaweyuka. Anakapinda kajumboko n'kukaika m'thumba la malaya awo oyera, dizilo n'kuyamba kufalikira pansalu.

"Lizani makinawo," anatero. "Dzuwa likupita."

Ndinabwezera paipi, ndinachotsa mpweya, buludoza inalira ndi dizilo wa m'thanki mwake. A Namakhwa anakwera osandiyang'ana, n'kupita kukalambula njira.

Mvula ya chaka chimenecho, mpaka lero

A Namakhwa sanachotsedwe. Nkhaniyo sinafike ku Blantyre. Koma paphiri nkhani imayenda kuposa moto, ndipo Lamulungu lotsatira mpingo wonse unali utadziwa za dizilo wa maliro a Esinati. Iwo anapempha okha kuti apume pa ukulu wa mpingo. Kwa ine anasiya kulankhula. Makina akavuta ankatuma wina kudzandiitana, ndikafika iwo n'kukaima patali. Ndikaponya sipanala inkakhala pomwe yagwerapo.

A Mataka sanandikalipire ngakhale kamodzi. Mvula isanayambe anangondiuza mwaulemu kuti kampani ikufuna munthu waluso kuyadi yake ya m'tauni, ku Likangala, kufupi ndi pamene ndinayambira. Kuyadiko kunalibe makina aakulu. Ndinkanola macheka ndi kuwotcherera mawilibala. Nyumba ya kuphiri tinatulukamo, n'kubwera kuno ku Mbedza, ndipo Madalitso ukukumbuka mmene unalirira kusiya anzako. Ndinapirira zaka zingapo, msana unayamba, ndinapempha kupuma. Sindinakwerenso phirilo. Ndimaliona ndili pakhonde, ndipo chilimwe utsi ukamafuka kumtunda ndimayang'anabe mtundu wake, ngati kuti alipo amene andifunse.

Mukandifunsa ngati ndinachita bwino, sindikudziwa. Ndinapulumutsa denga la munthu pomuvula malaya pagulu. Zaka zonsezi ndayesa kupeza njira ina imene ndikanadzera, yoti nyumba itsale ndi ulemu utsale, ndipo sindinaipeze. Injini ndi yabwino, vuto lake limakhala limodzi, ukalipeza yalira.

A Namakhwa anagwira ntchito mpaka zaka zawo zinakwana, ndipo ana a Esinati anamaliza pulayimale ali m'nyumba yomwe ija. Sabata imene ankabwerera ku Phalombe ndinamva odi pachipata. Anali iwo, imvi zili mbuu, atanyamula kachigubu ka uchi wa kuphiri. Amayi anu anawapatsa mpando. Tinafunsana za matupi, za mvula, za anthu amene anamwalira, ngati alendo okumana pa depoti. Kenaka anandikankhira kachigubu kaja ndi phazi.

"Ana aja akuti ndikupatseni."

Ndinamasula chitsekerero. Pansi pake panali kajumbo. Ndinakanyamula ndi zala ziwiri, uchi ukudontha, n'kuwaonetsa.

"A Namakhwa, simunasiyebe?"

"Popanda kameneko ukanatayikira m'minibasi, achimwene."

Aka kanali koyamba kunditchula achimwene kuchokera tsiku lija. Tinayang'ana phiri. Atadzuka kuti azipita, anaima pachipata, chipewa m'manja.

"Komabe mukanalankhula motsitsa mawu."

"Mukanandithirira oilo," ndinatero.

Anavala chipewa chawo n'kutsika kumsewu.